Funsani Akatswiri: Nyumba, Chimbudzi ndi Dimba pa Nthaka Youndana

Makalata a mwezi uno achokera kwa owerenga amene akukhala kapena kugwira ntchito m'madera ozizira a kumpoto kwa dziko lapansi, kumene pansi pa dothi pali permafrost, nthaka yokhala youndana chaka chonse. Oyankha ndi amisiri athu a zomangamanga ndi a zaukhondo pamodzi ndi alangizi a zaulimi. Mafunso ena tawafupikitsa.

Malo amene ndikufuna kugula kunja kwa tawuni akuti ali ndi permafrost. Koma mu July ndinakumbapo ndi fosholo mpaka m'mawondo, dothi lofewa bwinobwino. Kodi sakungondiopseza?
— Bambo wa ku Fairbanks, Alaska

Sakukuopsezani, bambo. Fosholo yanu inathera m'dothi lapamwamba, limene limasungunuka chilimwe chilichonse n'kuundananso chisanu chikabwera. Permafrost ili pansi pake. Nthaka imapatsidwa dzina limeneli ikakhala pa 0°C kapena kutsikirapo kwa zaka ziwiri zotsatizana, ngakhale kuti yambiri yakhala choncho zaka masauzande. Dothi lapamwamba lija limasiyana kuya kwake: pansi pa ndere yokhuthala ya m'nkhalango limatha kulekera pa masentimita 40 kapena 50, pamene pa mchenga wa pamtetete limapitirira mamita 2. Komanso July ndi molawirira. Kusungunuka kumafika pothera cha mu September, ndipo imeneyo ndiyo nthawi yobaya pansi ndi chitsulo chosongoka kuti mumve pamene chikugunda polimba.

Kumpoto kwenikweni kwa Alaska permafrost ili paliponse, ndipo ku Prudhoe Bay imapita pansi mamita pafupifupi 600. Kwanu ku Fairbanks ndi ya apa ndi apo: puloti imodzi ilibe, yoyandikana nayo ili nayo, mwinanso theka la puloti yomweyo. Mitengo imakuuzani zambiri musanalipire munthu aliyense. Malo otsetsereka oyang'ana kummwera, okhala ndi mitengo ya birch, aspen ndi white spruce yaitali, kawirikawiri alibe. Zigwa ndi malo oyang'ana kumpoto, okhala ndi timitengo tokwinimbira ta black spruce topendamira uku ndi uku pa ndere yonyowa, achenjereni.

Chimene chimagwetsa nyumba ndi kuchuluka kwa ayezi m'nthakamo. Thanthwe kapena miyala ndi mchenga zouma zikasungunuka sizisuntha. Koma dothi losalala ngati ufa, limene ladzaza m'zigwa za kumeneko, limasunga ayezi m'timizere, m'zibuma, ngakhalenso m'mitsitsi ikuluikulu yoloza pansi. Ngati magawo 30 pa 100 alionse a dothilo ndi ayezi wopitirira muyezo, mita imodzi ikasungunuka imatsika masentimita 30, mamita 3 amatsika masentimita 90. Ndipo sizitsika mofanana ngodya zonse.

Choncho musagule musanabowoletse. Pa nyumba wamba pabowoledwe mabowo osachepera awiri pamalo enieni pamene nyumbayo idzakhale, akuya mamita 8 mpaka 12, chifukwa kutentha kwa nyumba yokhala pansi kumatha kulowa m'nthaka mozama pafupifupi ngati kutambalala kwa nyumbayo. Pemphani kuona dothi lotuluka lidakali loundana. Ikaniko lina m'botolo loonekera, lembani chizindikiro pamene lalekera, ndipo lisiyeni m'nyumba usiku wonse. Mukapeza matope pansi ndi madzi atayandama pamwamba, mwadzionera nokha zimene zidzachitike pansi pa maziko anu. Wofuna kuona ayezi ameneyu ndi maso, ngalande ya pansi pa nthaka yofufuzira imene asilikali a ku America anakumba ku Fox m'zaka za m'ma 1960 ili pafupi nanu, ndipo m'makoma mwake mukuoneka mitsitsi ya ayeziyo.

Tabowoletsa, ayezi alimo wambiri. Malowo ndi athu kale. Timange maziko otani?
— Banja la ku Yukon, Canada

Njira ndi ziwiri zokha, ndipo amisiri a ku Russia anazilemba kalekale m'malamulo awo omangira. Yoyamba: nthaka ikhalebe youndana moyo wonse wa nyumbayo. Yachiwiri: isungunuleni kapena kuichotsa musanamange. Cholakwa chofala ndi kuima pakati, kuthira silabu ya konkire pansi, kuyatsa moto m'nyumba, n'kumayembekeza kuti zikhala bwino. Zaka ziwiri kapena zitatu zoyamba zimaonekadi bwino. Kenako zitseko zimayamba kukana, magalasi kusweka, pakati pa nyumba n'kuyamba kumira msanga kuposa m'mbali chifukwa ndi pamene pamatentha kwambiri. Nyumba zopendama za nthawi imene anthu ankathamangira kukakumba golide ku Dawson City, kwanu komweko, zinafika pamenepo motero.

Pa nthaka ya ayezi wambiri tengani njira yoyamba. Musapalepo ndere ndi zomera zowolerana za pamwamba, chifukwa ndizo bulangete la nthakayo. Mitengo idulidwe ndi manja, zitsa zisazulidwe, ndipo makina olemera alowe pamalopo nthawi yachisanu pansi pali gwa. Pamwamba pa nderepo yalani nsalu yolimba yolekanitsa dothi, kenako thirani miyala yosakaniza ndi mchenga yopanda dothi losalala, yokhuthala mita imodzi kapena kuposerapo, kuitsendera m'magawo a masentimita 20 mpaka 30. Mukaika mapepala a fomu yolimba yotchinga kutentha, ya mtundu wosamwa madzi, okhuthala masentimita 5 mpaka 10 mkati mwa miyalayo, mumachepetsa miyala yofunika. Mulu wa miyalawo utuluke kunja kwa makoma mamita 2 kapena 3 mbali zonse, ndipo ukhale wotsetserekera kunja. Ngati nthawi ilipo, usiyeni chaka chathunthu ukhazikike.

Pamenepo nyumba yaing'ono imakhala pa nsanamira zazifupi zoima pa matabwa okhuthala onyikidwa m'mankhwala, ndipo nsanamira iliyonse imakhala ndi jeke wa sikuluwu pamutu pake. Nyumba yotere imasuntha ndithu, koma mumaiwongola. Kumapeto kwa chilimwe chilichonse yendani pansi pake ndi levulo, kapena paipi yoonekera yodzaza madzi, n'kukweza pamene patsika, pang'onopang'ono, osapitirira sentimita imodzi kapena ziwiri pa jeke mmodzi musanapite kwa wina. Nyumbayo ikhale ya ngodya zinayi, yosapindapinda, ya mitanda yolimba. Palinso maziko a zitsulo zolukana amene amanyamula nyumba yonse ngati chinthu chimodzi, ofala ku Nunavut, kumpoto kwa Canada, ndi m'midzi ya ku Alaska.

Nyumba yaikulu kapena yolemera imafuna mizati yozika mu permafrost momwemo, monga zilili ku Yakutsk ndi ku Norilsk, ku Russia, kumene nyumba zosanja zaima pa mizati ya konkire. Amabowola dzenje lokulirapo kuposa mzati, kuimika mzatiwo, n'kuthira phala la mchenga ndi madzi m'mbali. Phalalo likaundana limagwira mzati, ndipo mphamvu yonse ili pa kugwirana kumeneko. Musaike katundu pa mzati phala lisanaundane. M'nthaka yozizira kwambiri zimatenga masiku, koma m'nthaka ya -1°C zimatha kutenga miyezi. N'chifukwa chake ntchitoyi imakoma kumapeto kwa nyengo yachisanu. M'mphepete mwa nyanja yezetsaninso mchere, popeza nthaka yamchere imakhala yofewa ngakhale ili pansi pa 0°C.

Kumene nthaka ili pafupi kusungunuka, kapena nyumba iyenera kukhala pansi monga galaja, amawonjezera mapaipi oziziritsa otchedwa thermosyphon. Ndi paipi yotsekedwa yokhala ndi amoniya kapena mpweya wa carbon dioxide, mbali ina ili m'nthaka, ina ili kunja ndi zipsepse. Nthawi yachisanu, mpweya wa kunja ukazizira kuposa nthaka, zamadzimadzi za mkatimo zimawira pansi, nthunzi imakwera, imazizira kumtunda n'kutsikanso, ndipo ulendo uliwonse imatulutsa kutentha m'nthaka. Chilimwe imaima yokha. Siifuna magetsi. Paipi ya mafuta yodutsa Alaska, imene inatha kumangidwa mu 1977, ili ndi mapaipi otere oposa 120,000, ndipo njanji ya Qinghai–Tibet yotsegulidwa mu 2006 imawagwiritsanso ntchito.

Njira yachiwiri ija imagwira pamene permafrost ndi yopyapyala kapena pansi pake pali miyala yabwino. Mumakumba dothi lonse la ayezi n'kubwezeramo miyala yotsendera. Pa ayezi wozama mamita 10, ndalama zake n'zosayamba.

Tiwonjezere kuti nthaka ya m'madera ambiri a kumpoto ikutenthera, ndiye mmisiri wanu awerengere za zaka 30 kapena 50 zikubwerazo. Mzati wokwanira ndendende lero udzaperewera.

Nsanamira za khonde langa zikukwera chaka ndi chaka, pamene anzanga akudandaula zomira. Chikuchitika n'chiyani?
— Mayi wa ku Yellowknife, Canada

Lanu ndi vuto la dothi lapamwamba, mayi, ndipo limapezeka ngakhale kumene kulibe permafrost. Madzi akaundana amafufuma ndi magawo 9 pa 100 alionse, koma chachikulu si chimenecho. Chisanu chikamalowa pansi, dothi losalala limakoka madzi kuchokera m'munsi kupita pamene pakuundana, ndipo pamenepo pamapangika timapale ta ayezi tosanjikizana timene timatukula nthaka masentimita angapo. Dothi loundanalo limamatirira ku nsanamira n'kukwera nayo. Chilimwe dothi limabwerera, koma nsanamira siibwerera yonse chifukwa matope alowa kunsi kwake. Chaka chamawa chimodzimodzi, mpaka khonde kusiyana ndi chitseko.

Pamafunika zinthu zitatu kuti izi zichitike: chisanu, madzi ndi dothi losalala. Chotsani chimodzi. Kumbani mozungulira nsanamira ndi kubwezeramo miyala ndi mchenga zosasunga madzi, ndipo madzi a m'denga apite kutali. Gawo la nsanamira lodutsa m'dothi lapamwamba likulungeni ndi pulasitiki yokhuthala magawo awiri kapena atatu, girisi pakati, kuti dothi lizitsetsereka m'malo mogwira. Pozika yatsopano, mbali yolowa mu permafrost ikhale yosachepera kawiri kuya kwa dothi losungunuka. Ngati limasungunuka mamita 1.5, mzati ulowe mamita ena 3 pansi pake. Khonde ndi masitepe ndizo zimavutika kwambiri chifukwa n'zopepuka. Njira yosavuta ndi kusazizika n'komwe: zikhale pamwamba pa miyala, zolumikizidwa ku nyumba ndi mahinjesi.

Pansi pa nyumba yathu m'pozizira koopsa. Ndikufuna kutseka mpata wa kunsi kwake ndi mapulanga. Pali vuto?
— Mphunzitsi wa ku Inuvik, Canada

Lilipo, aphunzitsi, ndipo ndi lalikulu. Mpata umenewo ndiwo ukuimiritsa nyumba yanu. Mphepo yachisanu yodutsa pamenepo imachotsa kutentha kotuluka m'nyumba isanafike pa nthaka, ndiponso imaziziritsa nthakayo kuti ipirire chilimwe. Pa nyumba yaing'ono mpatawo usachepere masentimita 60, pa yotambalala ufike mita imodzi kapena kuposa. Mukautseka, mwasandutsa nyumbayo kukhala yokhala pansi.

Ngati nkhawa ndi agalu kapena ana, ikani waya wa sefa. Musasungemo katundu wotchinga mphepo, ndipo sinowo (chipale chofewa) akaunjikana m'mbali mufosholeni, chifukwa sinowo amafunditsa nthaka. Kuzizira kwa mapazi kuthetseni kuchokera pa fulo penipeni: onjezani fomu kunsi kwa mitanda, tsekani ming'alu yonse yolowetsa mphepo makamaka pamene mapaipi adutsa, kenako khomerani mapulanga kunsi kwa fomuyo. Nthawi zambiri chozizira ndi mphepo yolowa m'ming'alu, osati kuchepa kwa fomu.

Kontirakitala wakana kutiikira thanki ya sepitiki ndi ngalande zomwetsa madzi pansi. Akuti malo athu salola. Ifetu tikufuna chimbudzi chamadzi.
— Bambo wa m'tawuni ya North Pole, Alaska

Kontirakitala wanu ngwachilungamo. Sepitiki wamba imagwira ntchito m'magawo awiri. M'thanki zolemera zimamira, mafuta amayandama, tizilombo timagaya zina. Madzi otsala amapita ku ngalande, n'kumalowa pang'onopang'ono m'dothi losakhuta madzi, ndipo dothilo ndilo limasefa majeremusi. Permafrost ya ayezi siilola madzi kudutsa. Madzi a zonyansa amafika pamenepo n'kuima, kenako amayenda cham'mbali m'dothi lapamwamba mpaka atatumphukira kumunsi, mwina pakhomo pa mnansi. M'nthaka yozizira majeremusi amakhalitsanso osafa.

Chinanso, madzi amenewa ndi ofunda, ndipo amabwera tsiku lililonse. Amasungunula ayezi pansi pa thanki ndi pansi pa ngalande. Thanki imapendama, paipi imathyoka polowera, ngalande zimakhala zokwera ndi zotsika, madzi onse n'kumathira malo amodzi. Ngati zili kumtunda kwa nyumba, madzi ofundawo amatsikira pansi pa maziko anu.

Malamulo a nthambi ya boma la Alaska yoona za chilengedwe amafuna kuti kuchokera pansi pa ngalande pakhale mapazi 4, amene ndi mamita 1.2, kufika pamene madzi a pansi amakwera, ndi mapazi 6, mamita 1.8, kufika pa chilichonse chosadutsa madzi monga thanthwe kapena permafrost. Ngalande ndi thanki zitalikirane ndi chitsime cha pakhomo kapena mtsinje mapazi 100, pafupifupi mamita 30. Thanki ya nyumba ya zipinda zogona zitatu isachepere magaloni 1,000, malita pafupifupi 3,800. Yambani mwakumbitsa maenje oyesera m'mbali zina za puloti. Kumene permafrost ndi ya apa ndi apo, nthawi zina ngodya ina imakwanitsa miyezo imeneyi, ndipo pampu yokankhira madzi kumeneko ndi yotchipa kuposa njira zinazi.

Zikakanika, chimbudzi chamadzi n'chothekabe. Njira imodzi ndi thanki yosungira, yokutidwa ndi fomu, yokhala pamwamba pa miyala kapena m'chipinda chofunda cha nyumba, imene galimoto imadzapopa. Midzi yambiri ya ku Nunavut imakhala motero: galimoto ina imabweretsa madzi, ina imatenga zonyansa. Werengerani musanasankhe. Anthu anayi ogwiritsa ntchito malita 50 aliyense pa tsiku amatulutsa malita 200, ndiye thanki ya malita 4,000 imadzaza m'masiku 20. Ikanimo belu lolira ikatsala pang'ono kudzaza.

Njira ina ndi kamakina koyeretsera zonyansa kokhala pamtunda, m'bokosi la fomu yokhuthala. Kamapopera mpweya m'madzimo kuti tizilombo tigaye msanga, kenako kamapha majeremusi ndi kuwala kwa UV kapena klorini. Madzi oyera amatuluka nthawi imodzi mwamphamvu, osati modontha, kuti paipi isaundane, ndipo amatayidwa kumunsi, kutali ndi nyumba. Kamafuna magetsi osadukiza ndi chilolezo cha boma. Pa nyumba yokhalamo chaka chonse pa ayezi wambiri, ife timaona kuti imeneyi ndiyo njira yodalirika.

Palinso ngalande zoikidwa m'mulu wa mchenga wothiridwa pamwamba pa nthaka, madzi n'kumapopedwamo pang'onopang'ono. Zimathandiza pamene vuto ndi madzi a pansi okwera kapena permafrost yopanda ayezi wambiri. Pa ayezi wambiri muluwo nawonso umamira, ndipo suikidwa popanda injiniya.

Matawuni ena anathana nazo pamodzi. Ku Inuvik mapaipi a madzi ndi a zonyansa amayenda pamtunda m'mabokosi ofunditsidwa olumikiza nyumba ndi nyumba, ndipo ku Utqiaġvik ku Alaska anawakumbira ngalande yofunda pansi m'zaka za m'ma 1980.

Sepitiki tili nayo, pamalo abwino, koma paipi yochoka m'nyumba imaundana February aliyense.
— Mayi wa ku Whitehorse, Canada

Fufuzani kaye chimene chikudontha. Madzi ochuluka otuluka nthawi imodzi, monga a m'bafa, amadutsa asanazizire. Koma kadontho ka mpopi wotha rabala, chimbudzi chotayikira pang'onopang'ono, kapena madzi otuluka m'makina otenthetsa nyumba, amayenda mochedwa n'kuundana m'njira, kagawo pa kagawo, mpaka paipi ya masentimita 10 itatsekeka. Madzi a m'makinawo asonkhanitsidwe m'kathanki kokhala ndi pampu kuti azituluka pamodzi.

Kenako yang'anani kutsetsereka. Paipi itsike masentimita 2 pa mita iliyonse, popanda pofwamphuka posunga madzi. Kamera ya m'mapaipi imaonetsa pamene yabwata. Ngati ili pamwamba kwambiri, ikumbeni ndi kuyala fomu pamwamba pake, yotuluka masentimita 60 mbali zonse ziwiri. Amisiri amawerengera kuti masentimita 2.5 a fomu yolimba amateteza ngati masentimita 30 a dothi. Pamalo ovuta ikani paipi yobwera yokutidwa kale ndi fomu, yokhala ndi waya wotenthetsa. Pamwamba pa paipi, thanki ndi ngalande musayendetsepo galimoto kapena kuchotsapo sinowo, chifukwa sinowo wopondedwa amalowetsa chisanu pansi kwambiri. N'chifukwa chake mapaipi ambiri amaundana podutsa pansi pa msewu wa pakhomo.

Thanki ipopedwe chaka chilichonse kapena zaka ziwiri zilizonse, popeza kozizira tizilombo timagaya mochedwa. Ipopeni chilimwe. Thanki yosiyidwa yopanda kanthu polowa m'chisanu imazizira, ndipo m'nthaka yamadzi imatha kuyandama. Paipi yotsekeka kale isungunulidwe ndi nthunzi kapena madzi otentha a makina, osati moto, ndipo musathiremo mankhwala a m'radiyeta ya galimoto.

Nanga chimbudzi chokumba?
— Wophunzira wa ku yunivesite, Fairbanks

Kwa munthu mmodzi kapena awiri m'kanyumba kopanda mipopi chimatheka, ndipo ambiri kumeneko amakhala choncho. Koma pa ayezi wambiri dzenje limadzaza madzi chilimwe, makoma ake n'kugumuka. Chikhale kumunsi, mamita 30 kuchokera ku madzi alionse, ndipo ngati dzenje likusefukira sinthirani ku thanki yopopa. Chimbudzi chopanga kompositi chimagwira ntchito pokhapokha chili m'chipinda chofunda. Panja chimangosunga zinthuzo mpaka June.

Ndinadzala ndiwo pansi monga mwa masiku onse. Dzuwa likulowa kwa maola ochepa okha, koma mbewu zakwinimbira, masamba ena afiira. Ndawonjezera feteleza, osasintha.
— Mayi wa ku Bethel, Alaska

Feteleza sangathandize mizu imene ikuzizidwa, mayi. Mpweya ukhoza kufika 20°C pamene dothi la pa masentimita 10 lili pa 5°C, chifukwa ayezi wa pansi akukoka kutentha ndipo madzi osungunuka alibe kolowera. M'dothi lotero mizu imalephera kutenga fosiforasi, ndiko kufiira kwa masambako, ndipo tizilombo tosandutsa manyowa kukhala chakudya cha mbewu timakhala tili m'tulo. Gulani choyezera kutentha, muzichibaya masentimita 10 m'mawa. Nsawawa ndi letesi zimamera pa 5°C, mbatatesi imafuna 7°C kapena kuposa, nyemba ndi maungu 15°C. Mbewu yodzalidwa m'dothi lozizira kuposa apa imangowola.

Kwezani dothi. Mabedi akhale otalika masentimita 30 mpaka 45 kuchoka pansi, otambalala mita imodzi kapena 1.2, pamalo oyang'ana kummwera ndi otchingidwa ku mphepo. Bedi lokwera limatsanula madzi ndipo dzuwa la kumpoto, limene limayenda chapansipansi, limawomba m'mbali mwake. Kumene ayezi ali pafupi, yalani miyala pansi, fomu ya masentimita 5 yobowola timabowo pamwamba pake, kenako bokosi la bedi. Fomuyo imateteza mizu ku chisanu cha pansi, imatetezanso nthaka kuti isamire.

Dothi la m'mabedi lisakanizeni: la pamalopo, mchenga wotsanula madzi, ndi kompositi. Zomera zowolerana za m'madambo a kumeneko ndi zowawasa kwambiri, ndiye yezetsani dothi ndi kuthira laimu monga zotsatira zanenera. Ndiwo zambiri zimafuna pH (muyezo wa kuwawasa kwa dothi) ya 6 mpaka 7. Pookera mbande thirirani feteleza wosungunula m'madzi wokhala ndi fosiforasi wambiri.

Mu April wazani phulusa kapena dothi lakuda pa sinowo wa pa mabedi kuti asungunuke msanga. Akachoka, phimbani bedi ndi pulasitiki yoonekera kwa milungu iwiri musanadzale. Yoonekera imatenthetsa dothi kuposa yakuda, kungoti udzu umamera pansi pake. Ilipo ina yobiriwira kapena yofiirira imene imalowetsa kutentha n'kutchinga kuwala kumene udzu umafuna. Kuphimbira ndi udzu wouma, kumene kumathandiza kotentha, kuno kumasunga chisanu m'dothi, ndiye dikirani mpaka litafunda. Madzi othirira asachokere mu mtsinje kapena pachitsime mwachindunji. Agone tsiku limodzi padzuwa mu mgolo wakuda.

Nyengo ndi yaifupi, ku Fairbanks masiku opanda chisanu amangozungulira 100, choncho mbande ziyambire m'nyumba: kabichi ndi burokoli milungu 4 mpaka 6 musanaokere, tomato milungu 6 mpaka 8. Zolimba mtima ndi kabichi, ndiwo zamasamba zotchedwa kale, mbatatesi, karoti, nsawawa ndi letesi. Usana wautali umakulitsa zina modabwitsa. Kabichi wa makilogalamu oposa 62 amene anaswa mbiri ya dziko lonse ku Palmer mu 2012 anakula ndi kuwala kumeneku, ngakhale kuti chigwa cha Matanuska, kumene kuli Palmer, chili ndi mwayi wa dothi lofundirapo. Koma usana womwewo umathamangitsa sipinachi ndi mitundu ina ya bitiruti kuchita maluwa isanakule, choncho pogula mbewu funsani mitundu yoyesedwa kumpoto. A ulangizi a University of Alaska Fairbanks amatulutsa mndandanda wa mitundu yotere.

Tinalambula nkhalango kuti tilime. Zaka zoyamba munda unali wosalala, pano wadzaza zitunda ndi maenje moti thirakitala sikudutsa.
— Mlimi wa ku Tanana Valley

Mutachotsa mitengo ndi ndere, dzuwa linafika pa dothi ndipo permafrost inayamba kutsika. Pa nthaka ya ayezi wochepa zimenezi n'zabwino: pakatha zaka zingapo dothi limafunda, madzi amapeza kolowera, munda umakoma. Wanu unali ndi mitsitsi ya ayezi yolukana ngati ukonde. Pamene panali mtsitsi pakhala ngalande, pakati pake patsala chitunda. Katswiri wa miyala Troy Péwé anafotokoza zimenezi mu 1954 pa minda ya pafupi ndi Fairbanks imene inalambulidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900.

Kusalaza kumathandiza kwa kanthawi, ndipo muzibwereza mpaka ayeziyo atatha, zimene zingatenge zaka zambiri. Chofulumira ndi kutulutsa madzi oima m'maenjemo, chifukwa madzi amasunga kutentha ndi kukulitsa dzenje. Samalani ndi maenje obisika okhala ndi denga lopyapyala la dothi. Yendanimo ndi chitsulo chobayira musanalowetse makina kapena ziweto. Mbali yoipitsitsa idzaleni udzu wa ziweto kapena isiyeni imere tchire. Polambula pena, bowoletsani kaye, ndipo munda usayandikire nyumba, msewu kapena thanki.

Girinihausi ndingaimange molumikiza ku khoma la nyumba kuti izitenga kutentha?
— Bambo wa ku Iqaluit, Canada

Pa nyumba yoima pa nthaka youndana, ayi. Girinihausi ndi chipinda chotentha chothiridwa madzi tsiku lililonse, ndipo zonse ziwirizi siziyenera kufika pafupi ndi mizati yanu. Imangeni payokha, kumunsi kwa nyumba, mamita 10 kapena kuposerapo, pa mulu wake wa miyala wokhala ndi fomu, kapena pa nsanamira zokhala ndi mpata kunsi. Mbewu zikhale m'mabokosi okwera, madzi otsala agwere m'beseni kapena m'paipi yowatengera kutali. Khoma la kumpoto likhale lotseka ndi lofunditsidwa, migolo yakuda ya madzi itsamire pamenepo kuti izitulutsa kutentha usiku. Musaiwale mawindo otsegula pamwamba: pansi pa dzuwa la June mkatimo mumatha kupitirira 35°C, ndipo pamenepo maluwa a tomato amayoyoka osabereka. Ngati malo anu ndi ochepa, funsani za girinihausi ya anthu onse. Ku Iqaluit ilipo, ndipo ya ku Inuvik inakonzedwa m'nyumba yakale ya masewera a hockey.